Kabati ya malemu bambo ndikufuna isanduke humidor, amisiri ndi odziwa fodya ndithandizeni

Che_Makawa: Moni nonse pagulu pano. Ndimayendetsa kabala kakang'ono pa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, mumsewu wa ku Monkey Bay. Alendo obwera kumisonkhano akhala akundifunsa ma cigar, ndudu zikuluzikulu zija zokulunga ndi masamba a fodya okhaokha popanda pepala. Mng'ono wanga wa ku Joni anandibweretsera mabokosi awiri mu Ogasiti, ine n'kuwaika m'dilowa ya pakauntala. Pofika pakati pa Okutobala tsamba lakunja linayamba kung'aluka, ukangofinya pang'ono likuyoyoka ngati tsamba louma la mango. Mlendo wina ndiye anandiuza kuti zinthuzi zimasungidwa mu humidor, bokosi losunga chinyezi.

Tsono kunyumba kuli kabati ya malemu bambo, ya mlombwa weniweni, anakhometsa ndili mwana. Kutalika mita imodzi ndi masentimita 20, m'lifupi 80, kulowa m'kati 40. Zitseko ziwiri za galasi, mashelefu atatu. Mayi ankasungamo mbale za alendo, pano ikungokhala pakona. Kodi ingatheke kusanduka humidor? M'katimo ndikute ndi thabwa lanji? Chinyezicho ndichipeza bwanji?

Mmisiri_wa_pa_Boma: Zotheka, achimwene. Mlombwa ukauma bwino supindika wamba, ndiye thupi la kabatiyo ndi labwino kale. Koma musanagule kanthu chitani izi. Usiku yatsani tochi, muiike m'kati, mutseke zitseko, muzimitse magetsi. Paliponse pamene kuwala kukutulukira, chinyezi chidzathawiranso pomwepo. Makabati akale amenewa vuto limakhala pakati pa zitseko ziwiri, m'mbali mwa galasi, ndi kumbuyo kumene ankangokhomako pulayiwudi yopyapyala. Kenako lowetsani mutu mununkhize. Mukumva chiyani?

Che_Makawa: Ndanunkhiza. Mukumveka vanishi pang'ono, komanso timibulu toyera tija toingitsira mphemvu ndi njenjete. Mayi ankatikonda kwambiri.

Mmisiri_wa_pa_Boma: Apo ndiye pali ntchito. Fodya amayamwa fungo kuposa mkaka. Vanishi tingapale ndi sandipepa mpaka thabwa lioneke, koma fungo la timibuluto limalowa m'mitsempha ya thabwa. Palani, muisiye chitsegulire pamthunzi podutsa mphepo masabata atatu kapena anayi, muikemo makala ouma m'beseni. Mukatero muitseke tsiku lathunthu n'kununkhizanso. Ngati likumvekabe, fodya asakhudzane ndi mpweya wa m'kabatiyo.

Nkopola77: Kutani m'katimo ndi mkungudza wa ku Mulanje basi. Ma humidor onse amakuta ndi cedar, ndipo ife cedar tili naye kwathu konkuno.

MphunzitsiWaZankhalango: Ayi, bambo, pamenepo ndikutsutsani, ndipo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, ndi mtengo wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha odula mozemba. Thabwa lake mukalipeza pamsika lero, dzifunseni lachokera kuti. Chachiwiri, dzina lokha la cedar lisatisokoneze. Umene amakutira ma humidor amautcha Spanish cedar, dzina lake la sayansi Cedrela odorata, umamera ku Central ndi South America. Si mbale wa mkungudza ngakhale pang'ono. Ndi wa banja limodzi ndi mbawa yathuyi, banja la Meliaceae. Amaukonda chifukwa umayamwa chinyezi n'kumachibweza pang'onopang'ono osapindika, ndipo kafungo kake n'kofatsa, kogwirizana ndi fodya. Mkungudza uli ndi mafuta a fungo lamphamvu zedi. Ndi wabwino m'bokosi la zovala, koma cigar ikakhalamo mwezi umodzi mudzakhala ngati mukusuta thabwa.

Nkopola77: Chabwino aphunzitsi, ndamva. Nanga Spanish cedar wanuyo ku Mangochi kuno timupeza kuti?

MphunzitsiWaZankhalango: Pa mashedi a matabwa kuno sindinamuonepo. Koma kuli senderela, Toona ciliata, uja anabzala m'misewu ndi m'maesiteti ambiri m'dziko muno. Ameneyu ndi mbale wapafupi kwambiri wa Cedrela, mpaka kale akatswiri ankamuika m'gulu limodzi, n'chifukwa chake dzinalo likufanana. Thabwa lake n'lopepuka, lofiirira, ndipo kumaiko ena amapangira mabokosi a ma cigar. Akasowa, mbawa youma bwino imagwira ntchito, kungoti ilibe kafungo kaja. Paini musayerekeze, utomoni wake umatuluka kukatentha. Njira ina yosavuta: mabokosi amene ma cigar anabweramo, ngati ndi a thabwa, kawirikawiri amakhala a Spanish cedar yemweyo. Musataye. Sungani fodyayo m'mabokosi ake momwemo.

Abiti_Malindi: Ine funso langa ndi lina. Kabati imene mayi anu ankasungamo mbale, alongo anu mwawafunsa? Kwathu kuno katundu wa m'nyumba ya mayi sangomutenga mwana wamwamuna yekha n'kukamuika kubala. Mawa mudzamva kuti nkhani yafika kwa amjomba.

Che_Makawa: Achemwali mwafunsa bwino. Mlongo wanga wamkulu ndinamuuza, anavomera koma anati ndisaiboole ndipo ndisasinthe maonekedwe akunja. Ndiye chilichonse chimene ndichite chikhale choti tsiku lina n'kuchotsa.

Abiti_Malindi: Ngati zili choncho palibe mlandu. Mawu akewo muwasunge.

Mmisiri_wa_pa_Boma: Mawu a achemwali anuwo akutithandiza ndithu. M'malo momata matabwa pa mlombwa, tikhome bokosi lina lapadera lolowa m'kati mwa kabati ngati dilowa yaikulu, lokhala ndi chitseko chake. Matabwa a mamilimita 8 kapena 10, opala bwino, osapaka chilichonse m'kati, vanishi ayi, polishi ayi. Guluu akhale woyera uja wa matabwa, osati wonunkha womatira nsapato. Misomali yachitsulo wamba imachita dzimbiri m'chinyezi n'kudetsa thabwa, ndiye zomangira zikhale za brass kapena stainless, kapena tingolumikiza ndi mano a thabwa. Pachitseko timatepo mphira wofewa uja wotchinga mphepo m'mawindo. Poyesa, panani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, sipanagwire. Mashelefu asakhale thabwa lathunthu, akhale timizere totalikirana chala chimodzi kuti mpweya uziyenda. Ubwino wake, fungo la timibulu tija litsala kunja kwa bokosi. Ndipo pocheka senderela muvale chotchinga pamphuno, fumbi lake limayabwa pakhosi.

Sheikh_wa_kwathu_sanalole: Abale, tikuthandizana kukonza nyumba ya fodya? Chinthu chowononga mapapo ndi ndalama. Ine sindikuona chabwino apa.

Nkopola77: Munthu wafunsa za kabati, sanafunse za ulaliki.

NamwinoWaKuChimwala: Ayi, asiyeni anene, chifukwa pali bodza limene limayenda loti cigar ilibe vuto popeza utsi sumeza. Ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri. Utsi umene wakhala m'kamwa umabweretsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kummero, ndipo nicotine amalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo. Cigar imodzi yaikulu ili ndi fodya wochuluka kuposa ndudu zingapo kuphatikiza pamodzi. Dziko lathu lomwe, ngakhale timadalira fodya chonchi, linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023. Che Makawa, malonda ndi anu, koma ganizirani anyamata ndi atsikana ogwira ntchito pabalapo. Osuta azikasutira panja, kutali ndi podyera.

Che_Makawa: Anamwino ndamva ndipo sindikutsutsa. Ine sindisuta. Osuta ndinawapatsa kale chisakasa chawo kumchenga, m'bala muno n'zoletsedwa. Kwa akulu amene adandaulawo, ndikulemekeza maganizo anu.

MlimiWaKuNamwera: Ndiloleni ndilowepo ngati munthu amene wakalamba ndi fodya. Ndalima burley zaka zopitirira 20, ndakagulitsa ku okushoni ya ku Limbe kangapo konse. Zimene mukuzitcha humidor ife timazichita m'chigafa chaka chilichonse popanda dzina limenelo. Tsamba likauma, masana sulikhudza, limafumbutuka m'manja. Timadzuka mbandakucha, mame akagwa, tsamba litafewa, m'pamene timatsitsa mikangala n'kuyamba kusankha. Ukalifumbata lizipindika ngati nsalu, ukalitaya lizibwerera. Koma ukadinda belo tsamba lili lonyowa kwambiri, limatentha m'kati, kuchita chuku, ndipo ku okushoni amakubwezera. Ndiye fodya ali ndi malire awiri, ndipo pakati pake m'pochepa. Dzanja limadziwa.

Chimene ndikuopa pa nkhani yanu si chinyezi. Ndi kutentha. Ife kuno kumtunda kumazizirako, koma kunyanja kwanuko mu Okutobala ndi Novembala munthu umagona pakhonde. Fodya wofunda ndi wachinyezi ndiye chakudya cha tizilombo.

Dokotala_wa_Mafiriji: Bambo a ku Namwera agunda pamutu penipeni. Ine ndakonzapo ma humidor awiri a magetsi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja muno, ndiye ndilembe motalikirapo.

Cigar imafuna chinyezi cha pakati pa 65 ndi 72 peresenti, ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21. Chinyezi chikadutsa 75 kwa masiku angapo, chuku chimayamba. Kutentha kukapitirira madigiri 22 kapena 23, mazira a kanankafumbwe wa fodya, Lasioderma serricorne, amatha kuswa. Mazirawo amabwera ali kale m'tsamba kuchokera kufakitale, simungawaone. Chizindikiro ndi tizibowo tozungulira ngati tobaya ndi singano ndi kaufa kofiirira pansi pa bokosi. Akaswa m'bokosi limodzi amalowerera onse.

Tsono taganizani, pa Makawa masana a Novembala m'chipinda cha malata mumafika madigiri 35. Mukangokonza bokosi lotseka bwino n'kuikamo madzi osaganizira kutentha, mwamanga chofungatira tizilombo.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupha mazira fodya asanalowe m'kabati. Ikani ma cigar m'mapepala a pulasitiki otseka ndi zipi, awiri kuphatikiza, mutulutse mpweya. Tsiku limodzi m'firiji wamba, masiku atatu kapena anayi mu freezer yofika madigiri 18 pansi pa ziro, tsiku limodzi m'firiji wamba kachiwiri, kenako panja osatsegula pepala mpaka atafunda. Mukafulumiza, tsamba lakunja limang'aluka. Muchite izi sabata imene mukudziwa kuti jenereta ilipo, chifukwa magetsi akazima pakati freezer n'kusungunuka ndiye mwayambiranso. Ndipo isakhale freezer ya chambo.

Yachiwiri ndi kuziziritsa bokosilo. Kompuresa ya firiji wamba imaumitsa mpweya, siyabwino. Chimene chimagwira ndi kachipangizo ka Peltier, kaja kamakhala m'timafiriji ta vinyo ndi m'makina ena oziziritsa madzi akumwa. Kamayendera 12V, ndiye batire ya sola imakayendetsa. Koma kali ndi malire, kamatsitsa mwina madigiri 10 kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa kutentha kwa m'chipinda, ndipo pokhapokha bokosi litakutidwa ndi styrofoam, zoyera zopepuka zija zotchinjiriza katundu m'makatoni. Chipinda chikakhala pa 35 simufika pa 20. Ndiye malo oika kabati ndi ofunika kuposa makina. Ikhale chipinda chozizira kuposa zonse, pakhoma la m'kati losaombedwa ndi dzuwa, pansi pa denga la udzu kapena siling'i.

Mmisiri_wa_pa_Boma: Peltier imeneyo imafuna bowo lotulutsira kutentha kumbuyo. Tanena kale kuti kabati isabooledwe.

Dokotala_wa_Mafiriji: Pulayiwudi yakumbuyo ija muizule bwinobwino ndi misomali yake, muisunge pamwamba pa siling'i, mukhomepo ina yatsopano. Bowo likhale pa yatsopanoyo. Mlombwa sukhudzidwa.

Mmisiri_wa_pa_Boma: Apo tagwirizana.

Nkopola77: Zonsezi chifukwa cha mabokosi awiri? Gulani cooler box yatsopano, muikemo mabokosiwo ndi kasiponji konyowa, nkhani yatha. Anthu ambiri kunja amatero.

Dokotala_wa_Mafiriji: Cooler box imagwira ndithu, sindikana, ndipo imatseka bwino kuposa kabati iliyonse. Ndingalangize kuti ayambe ndi imeneyo lero lomwe podikira mmisiri. Koma kasiponji ayi. Kamatulutsa chinyezi mopanda malire ndipo kamaola.

Che_Makawa: Cooler box ndigula mawa kuti otsalawa apulumuke. Koma mlendo sangasankhe cigar m'bokosi longa la nsomba. Komanso kunena zoona ndikufuna kabati ya bambo izioneka, anthu aziifunsa. Yakhala pakona zaka zisanu ndi chimodzi. Tsono m'malo mwa siponji ndiike chiyani?

WakuJoni_Mayfair: Mng'ono wanu akagule timapaketi totchedwa Boveda m'mashopu a fodya kuno ku Johannesburg. Pamalembedwa nambala ya chinyezi, 65, 69, 72. Timatulutsa chinyezi kukauma, timayamwa kukanyowa. Kwa kunyanja ndingasankhe 65, chifukwa nyengo yamvula mpweya wa kumeneko umakhala wonyowa kale. Palinso ta 84 tokonzera thabwa latsopano fodya asanalowe. Timapaketito n'topepuka, amabasi sadandaula. Akagulenso hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, ya manambala, osati ya muvi, ya muvi imanama kawirikawiri.

Ndinenenso kuti opanga ma cigar si Cuba, Nicaragua ndi Dominican Republic okha. Ku Maputo amakulunga ma cigar otchedwa Bongani, ndipo tsamba lakunja la ku Cameroon ndi lotchuka padziko lonse. Alendo ena amasangalala kumva kuti akusuta za mu Africa muno.

MlimiWaKuNamwera: Zimenezo zimandiwawa mtima. Ife fodya timatumiza kunja ali tsamba, mtengo wa pa kilo n'kumakangana nawo chaka chilichonse, pamene cigar imodzi ikugulidwa ndalama yoposa makilo angapo a burley wanga. Ndikudziwa kuti mbewu yake ndi ina ndipo amaivundika miyezi yambiri, si chingambwe chokulunga pakhonde. Komabe manja osankha tsamba tili nawo.

Abiti_Malindi: Anganga anga ankasunga fodya wawo wa labu mumphika wadothi wovundikira, pansi pa bedi, ndi katsamba ka nthochi kakawisi. Sankauma chaka chonse.

MphunzitsiWaZankhalango: Nzeru yake ndi yomweyo, achemwali. Dothi limazizira, tsamba limapereka chinyezi. Kungoti fodya wawo ankatha msanga chuku chisanagwire.

Dokotala_wa_Mafiriji: Tibwerere ku kabati. Bokosi la kukula kumeneko timapaketi tokha tidzafunika tambiri. Njira yotsika mtengo ndi timibulu ta silica topanda fungo, kapena mankhwala amadzimadzi otchedwa propylene glycol osakaniza theka ndi theka ndi madzi, zimene zimaimitsa chinyezi pafupi ndi 70. Madzi akhale distilled, aja othira m'batire ya galimoto, koma muwerenge botolo, asakhale a asidi. A pampopi, a pamjigo kapena a m'nyanja amasiya mchere woyera ndipo amabweretsa chuku. Muikemonso kafani ka kompyuta, apo ayi pansi padzakhala ponyowa pamwamba pouma.

Hygrometer ikafika muiyese kaye. Mchere wa patebulo m'kachivindikiro ka botolo, madontho ochepa a madzi kuti ungonyowa osasungunuka, muziike pamodzi m'pepala la zipi usiku wonse mpaka mawa lake. Iyenera kuonetsa 75. Ikaonetsa 72, dziwani kuti nthawi zonse muziwonjezera 3.

Thabwa latsopano lili ndi ludzu. Mukaikamo fodya tsiku loyamba, limulanda chinyezi chonse. Ikani mbale ya madzi a distilled m'kati, mutseke, mudikire sabata imodzi kapena awiri mpaka nambala itakhazikika. Osapukuta thabwa ndi nsalu yonyowa, limatupa n'kupindika.

Che_Makawa: Nanga aja anauma kale aja, ndi otayika?

WakuJoni_Mayfair: Ong'aluka tsamba ndi otayika. Ouma chabe amabwerera, koma pang'onopang'ono, masabata angapo, kuyambira chinyezi chotsika n'kumakweza. Mukawaponya pa 72 nthawi imodzi, m'kati mumatupa msanga tsamba lakunja n'kuphulika. Kukoma kwina kumakhala kutapita ndithu, chifukwa mafuta a m'tsamba akauma sabwerera. Amenewo musagulitse pa mtengo wathunthu.

Sheikh_wa_kwathu_sanalole: Ine maganizo anga sanasinthe. Koma zoti simunaiboole kabati ya makolo, chimenecho ndayamika.

Che_Makawa: Ndabweranso patatha masabata asanu ndi awiri. Senderela ndinampeza kwa wocheka matabwa wina ku Zomba, anali atauma chaka chathunthu pamthunzi. Mmisiri wakhoma bokosi lolowa m'kati, pakati pa bokosi ndi mlombwa taikapo styrofoam ya m'katoni ya firiji. Chitseko cha bokosilo chili ndi galasi lake, ndiye munthu akaima kutsogolo amaona fodya kudzera m'magalasi awiri. Kunja kwa kabati sitinasinthe kanthu, ndangopukuta ndi kuthira mafuta m'mahinjesi. Mlongo wanga anabwera kudzaiona, anatsegula, anatseka, n'kupempha kuti shelefu yapamwamba yotsala kunja kwa bokosi tiikepo mbale ziwiri za mayi. Zili pomwepo.

Kabati ndaiika m'kachipinda ka kumbuyo kwa risepushoni, kofolera udzu. Peltier sindinaikebe. Pa ma cigar 50 aja, 14 ndataya, atatu mwa iwo anali ndi tizibowo tija, ndiye otsala onse adutsa mu freezer. Hygrometer pa mchere inaonetsa 73. Panopa mvula yayamba, ikuwerenga 68 m'mawa, madzulo 70, kutentha 26 mpaka 27. Adokotala a mafiriji, pamenepa ndili pabwino kapena ndichotse mbale ya timibulu ta silica?

Dokotala_wa_Mafiriji: Wonjezerani 2 uja, ndiye kuti madzulo muli pa 72, ndipo pa madigiri 27 ndi pamwamba. Chotsani mbaleyo, musiye timapaketi ta 65 tokha mpaka mvula itatha, ndipo musamatsegule kukamagwa mvula. Mwera ukayamba mu Meyi kutentha kudzatsika kokha. Peltier ikhale itaikidwa Seputembala asanafike. Lachisanu ndili ndi ntchito ku Monkey Bay, ndidzaima pa Makawa ndione kumbuyo kwa kabatiyo kuti tidziwe poboola pulayiwudi.

MlimiWaKuNamwera: Ndipo sabata iliyonse muzitulutsa imodzi n'kuifinya pang'ono pafupi ndi khutu. Ikamalira tsweee ndiye kuti yauma, ikakhala phwetephwete osabwerera ndiye kuti yamwa kwambiri. Muyang'anenso pansi pa bokosi ngati pali kaufa kaja.